Amwenye ndi Kacisi Wao

Kanakantapa ndi dera la minda m'boma la Chongwe, kum'mawa kwa Lusaka, m'dziko la Asoli a Mfumu Yaikuru Nkomeshya. Midzi yace yambiri si yakale iai. Inayamba m'caka ca 1988, pamene Boma linapatula malo ogawira acinyamata osowa nchito m'mizinda, ndipo pambuyo pace dziko la Japan linathandizako pa nchito yokonza malowo. Cifukwa ca ici anthu a ku Kanakantapa ali a mitundu yosakanizika. Akakolola cimanga nalandira ndalama, ambiri a iwo amakwera galimoto pa mseu waukuru wocokera ku Chipata, napita ku Lusaka kukagula nsaru, mabulangete, mapoto ndi makasu ku Kamwala, kumene kuli masitoro a Amwenye.

Motero palibe munthu wa kumeneko wosadziwa Mwenye. Koma amamdziwa ali kuseri kwa thebulo la m'sitoro, alikuyesa nsaru ndi kuwerenga ndalama. Pafupi ndi masitoro omwewo pali nyumba ya misonkhano yochedwa Hindu Hall, ndipo mu mzindamo muli makacisi m'mene Ahindu amapembedzera. Koma mwa ogula nsaru, amene analowamo ndi owerengeka. Mwana wa sukulu amaphunzira ndithu za Cihindu pamodzi ndi Cikristu, Cisilamu ndi miyambo ya makolo, nalemba mayeso ace. Cimene buku la mayeso silimuuza ndi cifukwa cace anthu awa anatsogoza sitoro, nacedwa kumanga nyumba ya milungu yao, ndiponso cifukwa cace makacisi ao ali makamaka m'mizinda, osati kumidzi kumene kale anali kucita malonda. Mlendo wofuna kulowa m'kacisi wa Ahindu acita bwino kuyamba wamva mbiri imeneyi.

Katundu wa ku India anafika kuno kale kwambiri eni ace asanafike. M'caka ca 1960 anthu okumba maziko a thanki la madzi pa Ing'ombe Ilede, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi, anapeza manda a anthu olemera a makedzana. M'mandamo munali golidi, mitanda ya mkuwa, ndi mikanda ya galasi yocokera kutsidya kwa nyanja ya mcere, ku India. M'caka ca 1686 Apwitikizi analola gulu la amalonda a Cihindu a ku Diu, amene anthu anawacha Abanyani, kukhazikika pa cisumbu ca Mozambique. Nsaru zao za ku Gujarat zinakwera Zambezi kufika ku Sena, ku Tete ndi ku Zumbo, pandunji pa Feira, pamene lero pachedwa Luangwa. Kucokera pamenepo Acikunda anazisenza kulowa nazo m'maiko a kumtunda, nagula nazo minyanga ya njobvu. Mbiri iyi si yoyera yonse, pakuti nsaru zomwezo zinagulanso anthu, ndipo cuma ca amalonda a kunyanja cinathandiza maulendo a ukapolo.

Amwenye oyamba kukhala m'maiko a kumtunda kuno m'nthawi ya Angerezi anali asilikari. Harry Johnston, pokhazikitsa Boma ku Nyasaland m'caka ca 1891, anaitanitsa ku India asilikari pafupifupi 70, ena Asikh ndi ena Asilamu, ndipo mkuru wao Captain Cecil Maguire anaphedwa caka comweco pa nkhondo yolimbana ndi Makanjira. Mu January 1898 Asikh analinso m'gulu la nkhondo limene linacokera ku Nyasaland kukagonjetsa Angoni a Mpezeni. Pambuyo pa mfuti panadza sikelo. Amalonda oyamba anafika ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, m'caka ca 1905, ndipo anali Asilamu a ku Gujarat amene anadzera njira ya Nyasaland. Ici ndico cifukwa cace munthu woyenda ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke amaona mizikiti yambiri.

Ahindu ambiri anadzera khomo lina. Anatsika sitima ya pamadzi ku Beira, napita ku Salisbury ndi ku Bulawayo, naoloka Zambezi pa Livingstone, natsata njanji kulinga kumpoto. Njanji inafika pa mudzi wa mfumu Lusaaka m'caka ca 1905, ndipo malowo atasanduka mzinda waukuru wa Boma m'caka ca 1935, malonda anakula. Boma la Azungu linali kugawa mizinda monga mwa khungu la anthu. Masitoro a pa Cairo Road anali makamaka a Azungu. Amwenye anapatsidwa malo a malonda amene Boma linawayesa aciwiri, kutsidya kwa njanji, ndiko ku Kamwala, ndi malo ogona amene mpaka lero achedwa Madras. Tsono mseu umene anthu a ku Kanakantapa amakwererapo galimoto ndiwo umalumikiza njira ziwiri zija, ya Asilamu a kum'mawa ndi ya Ahindu a m'mbali mwa njanji. Wonyanja amangoti onsewo ndi Amwenye, liu lofanana ndi la Ciswahili lotanthauza mwini wa cinthu; koma Mhindu, Msilamu ndi Msikh ali osiyana pa cipembedzo, pa zakudya ndi pa maliro omwe.

Msilamu akapeza anzace owerengeka amafuna malo opempherera pamodzi, makamaka tsiku Lacisanu, ndipo mzikiti sucedwa kumangidwa. Mkristu nayenso amamanga chalici, ngakhale ca udzu. Nanga Mhindu anacedweranji? Zifukwa zilipo zingapo, ndipo coyamba ndi cakuti amene anabwera poyamba anali amuna okhaokha, ambiri anyamata, ocokera m'midzi ya ku Gujarat, makamaka ya m'dera la Surat. Mnyamata anali kuitanidwa ndi mbale wace amene anatsogola, nagwira nchito m'sitoro ya mbaleyo zaka zingapo, nagona kuseri kwa matumba a mcere, kufikira atapeza ndalama zotsegulira sitoro yaceyace. Mkazi anali kukamkwatira kwao, ndipo kawirikawiri anamsiya komweko. Mtima wa munthu wotere unali ku India. Akuru amati mlendo ndi mame, ndipo iwo anadziyesa mame ndithu: anati tidzapata cuma, tidzabwerera. Munthu amene maso ace ali kunjira samanga nyumba ya miyala.

Cifukwa caciwiri cili m'cipembedzo comwe. Mhindu sakakamizidwa kupita ku kacisi tsiku lakutilakuti. Kupembedza kwace kwakukuru kuli m'nyumba. Pa ngodya ya cipinda, kapena pa kathabwa kokhomedwa pakhoma, amaikapo zithunzi za milungu ya banja lace, kanyali ndi lubani, ndipo m'mawa uliwonse, atasamba, amayatsa kanyaliko napemphera. Wogula wopenyetsetsa adzaona kathabwa kotere m'masitoro ena a ku Kamwala, pamwamba pa bokosi la ndalama. Kameneko ndiko kanali kacisi wa Ahindu oyamba, ndipo kanawakwanira.

Cacitatu, kacisi weniweni ndi katundu wolemera. Cifanizo ca mulungu, cimene iwo amacicha murti, cimasemedwa ndi amisiri a ku India, kawirikawiri pa mwala woyera wosalala wa ku Rajasthan. Cikafika sicingoimikidwa monga cidole iai. Pamacitika mwambo waukuru woitana mulunguyo kuti akhale m'cifanizomo. Kuyambira tsiku limenelo amayesedwa mwini nyumba wamoyo, wofunika kumdzutsa m'mawa, kumsambitsa, kumbveka, kumpatsa cakudya ndi kumgoneka usiku, tsiku ndi tsiku osalekeza. Nchito iyi ifuna wansembe wokhala pomwepo, wocokera m'pfuko la Abrahmin, ndipo wansembeyo afuna nyumba ndi malipiro. Mabanja khumi a pa siteshoni ya njanji sakanatha kusenza zonsezi. Ndiponso iwo okha anali ogawikana m'mafuko monga mwa nchito za makolo ao, alimi, osoka zobvala, osoka nsapato, ocapa. Ndipo ku India mafuko amenewa sanali kudyera pamodzi kapena kukwatirana.

Tsono cimene anayamba kumanga ndi bungwe. Ku Salisbury bungwe la Ahindu linakhazikitsidwa m'caka ca 1916, ndipo kacisi wao wa pa Cameron Street ndi wa caka ca 1929. Kumpoto kwa Zambezi, kumene anali ocepa, mabungwe otere anabuka m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, monga Livingstone, Lusaka, Broken Hill ndi Ndola. Nyumba ya bungwe inali ya nchito zonse: ukwati, msonkhano, sukulu yophunzitsa ana Cigujarati, ndi mapemphero a masiku a cikondwerero. Bungwe linasamalanso malo otenthera mitembo, pakuti Ahindu saika akufa ao m'manda, koma amawatentha. Imfa siyembekeza kuti anthu ayambe alemera, ndipo cosowa ici sakanatha kucikankhira mtsogolo monga anacitira ndi kacisi.

Cimene cinasandutsa mame kukhala citsime ndi lamulo. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland citayamba m'caka ca 1953, Boma lace linaika m'caka ca 1954 lamulo lotseka khomo kwa Amwenye atsopano, kupatula owerengeka. Ambiri anafulumira kulowa khomo lisanatsekedwe, ndipo amene anali kale kuno anaitana akazi ndi ana ao. Akazi ndiwo asunga mwambo pakati pa Ahindu, monganso pakati pa Acewa. Iwo ndiwo adziwa masiku osala kudya, nyimbo za ukwati ndi zakudya za nsembe. Ana obadwira ku Lusaka anakula alikulankhula Cinyanja ndi anchito a m'sitoro, ndipo India anangomumva m'nkhani za makolo. Pamenepo kumanga kacisi kunakhala ndi tanthauzo: anthu amene aitana mulungu wao kudzakhala m'dziko anena poyera kuti iwonso sacokamo.

Kukhala kwao sikunali kopanda mabvuto. Eni dziko anali ndi madandaulo enieni pa amalonda a Cimwenye: malipiro ocepa a anchito, mitengo yosinthasintha monga mwa nkhope ya wogula, ndi kudzipatula kwao pa ukwati ndi pa cakudya. M'zaka za m'ma 1950, pamene African National Congress inauza anthu kuti aleke kugula m'masitoro ocita tsankho, masitoro ena a Amwenye anakhudzidwa. Komabe mwa Amwenye omwewo munali abwenzi a omenyera ufulu. Rambhai Patel, wa sitoro mu Lusaka, ndiye anadziwitsa Kenneth Kaunda zolemba za Mahatma Gandhi, Mhindu wa ku Gujarat amene anayamba nkhondo yace yopanda zida ali ku South Africa, kumene anakhala kuyambira 1893 kufikira 1914. Simon Kapwepwe anaphunzira ku India kuyambira 1950, ndipo Kaunda anacezako m'caka ca 1958.

Ufulu utabwera, Amwenye anayenera kusankha pakati pa unzika wa Zambia ndi pasipoti ya Britain. Pa 19 April 1968, ku Mulungushi, Kaunda analengeza malamulo atsopano a cuma, ndipo zotsatira zace zinali zakuti malonda a masitoro a kumidzi ndi a m'makomboni anasungidwira nzika za Zambia. Ku Malawi, kuyambira 1970, Dr Banda anacotsa Amwenye m'malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 anali ololedwa m'mizinda ikuruikuru yokha. Ku Uganda Idi Amin anawapitikitsa m'caka ca 1972. Zambia sanapitikitse munthu motero, koma mantha anaoloka malire, ndipo mabanja ambiri anasamukira ku Britain. Timagulu ta Ahindu ta pa masiteshoni ndi pa maboma ang'ono tinatha, otsala nasonkhana m'mizinda. M'zaka zomwezo munafika Amwenye a mtundu wina, aphunzitsi, madokotala ndi akatswiri a makina, ambiri ocokera kumwera kwa India, a zinenero zina ndi mapembedzedwe ena.

Panadzanso ciyeso ca mtundu wina. M'zaka zace zotsiriza za ulamuliro, Kaunda anali ndi mlangizi wa zauzimu wa ku India, Dr M. A. Ranganathan, ndipo pa State House panali nyumba yopemphereramo yochedwa David Universal Temple. Nyumba imeneyo sinali kacisi wa Ahindu a ku Kamwala, koma Akristu ambiri sanasiyanitse, nayesa zonse za ku India ziwanda. Frederick Chiluba atapambana cisankho, analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu. Mau amenewa analowa m'ciyambi ca malamulo akuru a dziko m'caka ca 1996, pamodzi ndi lonjezo lakuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa cipembedzo cace, ndipo anasungidwa pokonzanso malamulowo m'caka ca 2016. M'Boma la Chiluba lomwelo munali nduna za Cimwenye, Dipak Patel ndi Suresh Desai. Koma m'caka ca 1995 ku Livingstone kunabuka mphekesera zakuti amalonda a Cimwenye alikugula ziwalo za ana, ndipo khamu la anthu linaswa ndi kufunkha masitoro ao. Mphekesera yotere imamera bwino pamene anthu akhala moyandikana zaka 90 osalowerana m'nyumba. Mbali ina ya bvutoli ndi yakuti Ahindu ambiri sayenda kukopa anthu kuti alowe cipembedzo cao, monga acitira Akristu ndi Asilamu. Amati munthu ayende m'njira ya makolo ace. Kusaitana kumeneku anthu akunja anakuyesa kubisa.

Koma m'makacisi ambiri mlendo waulemu sabwezedwa. Afike wosamba, wobvala zofunda mapewa ndi maondo, wosaledzera, ndipo asatenge nyama kapena fodya. Pakhomo abvule nsapato. Ici sicidzadabwitsa munthu wodziwa za makolo, pakuti ku Khulubvi, ku kacisi wa Mbona m'boma la Nsanje, munthu salowa ndi nsapato. Liu lomwe lakuti kacisi linali la kanyumba ka nsembe ka Acewa kale Baibulo lisanalibwereke, ndipo pa Msinja, pamene Makewana anali kupempha mvula kwa Cisumphi, panali asungi a malo ndi miyambo yoletsa zakutizakuti, monga momwe ziliri kwa Ahindu. Kwa eni nyumba mlendo apereke moni pophatikiza manja pacifuwa, ndipo ayambe wapempha asanajambule cithunzi.

M'katimo mulibe mipando yondandalika ngati m'chalici. Anthu amakhala pansi pa mphasa, kawirikawiri amuna mbali yao ndi akazi mbali yao, ndipo kutambalala kuloza mapazi ku zifanizo ndi mwano. Wolowa amaliza belu lolendewera pakhomo. Kutsogolo kuli timanyumba ta milungu. Wa mutu wa njobvu ndi Ganesha, wocotsa zopinga, amene amayamba kumpempha pa nchito iliyonse yatsopano. Woimba citoliro ndi Krishna, ndipo mkazi ali pambali pace ndi Radha. Wogwira uta ndi Rama, pamodzi ndi mkazi wace Sita ndi mtumiki wao Hanuman wa nkhope ya pusi. Shiva amaimiridwa ndi mwala wobulungira umene amauthira madzi ndi mkaka. Wowerenga Baibulo adzafulumira kunena kuti awa ndi mafano. Mhindu wophunzira adzamuyankha kuti Wamkurukuru ndi mmodzi, wosaoneka, ndipo izi ndi nkhope zace zimene munthu wofooka akhoza kuziyang'ana. Wina angakumbuke maina a Cauta, Namalenga, Mphambe ndi Leza. Koma kufanana kumeneku kuli ndi malire, pakuti Acewa sanasemepo cifanizo ca Cauta.

Nthawi yabwino yofika ndi madzulo, pa mwambo wa nyali wochedwa arti. Wansembe amayatsa zingwe za thonje zonyikidwa m'mafuta a mkaka wa ng'ombe, nazungulitsa nyaliyo pamaso pa cifanizo, anthu alikuimba, kuomba m'manja ndi kuliza mabelu. Atatha amaipititsa pakati pa anthu, ndipo aliyense amayambukitsa manja ace pa lawi nadzikhudza kumaso ndi kumutu. Ulaliki wautali kawirikawiri palibe. Cacikuru ndi kuona mulungu ndi kuonedwa naye. Potsiriza amagawa prasad, ndico cakudya cimene cayamba caperekedwa nsembe: nthoci, kokonati, kapena zotsekemera za mkaka ndi shuga. Cimalandiridwa ndi dzanja lamanja. Apa Mkristu wina amaima mutu, pokumbukira zimene Paulo analembera Akorinto za zakudya zoperekedwa nsembe. Amene mtima wace sumlola akane ndi ulemu, manja ali pacifuwa. Coipa ndi kulandira ndi kukataya panja.

Masiku akuru a Agujarati amadza m'nyengo ya dzuwa lotentha, mitambo ikuyamba kusonkhana. Pali Navratri, usiku 9 wa kubvina mozungulira polemekeza mulungu wamkazi, ndipo patapita masabata ngati atatu pali Diwali, cikondwerero ca nyali, cimene cimagwa mu October kapena November monga mwa mwezi wakumwamba. Ndiyo nyengo yomwe Asoli a ku Chongwe amasonkhana pa Chakwela Makumbi, mfumu yao nipempha mvula ndi kudalitsa mbeu. Mlimi apempherera munda, wamalonda apempherera buku. Pa Diwali wa sitoro wa Cigujarati amatseka mabuku a caka cakale, natenga atsopano, m'mene mudzalembedwa katundu, phindu ndi ngongole za ogula, nawaika pamaso pa Lakshmi, mulungu wamkazi wa cuma, kuti adalitsidwe. Pa tsamba loyamba amalembapo cizindikiro copatulika ndi utoto wofiira, nawazapo mpunga ndi maluwa. M'mawa mwace ndi tsiku loyamba la caka cao, cimene ciwerengero cace cimatsogola ca Azungu ndi zaka 57 pa nyengo imeneyo. Motero m'caka ca 1964, mbendera ya Zambia itakwera pa 24 October, panangopita masiku owerengeka, ndipo kuciyambi kwa November amalonda a Cihindu a ku Kamwala anatsegula mabuku a caka ca 2021.